Porsche yeniyeni ndi iti, nanga kuisunga kumafuna chiyani?

Funso lochokera kwa bambo wina wowerenga: "Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusunga ndalama kuti tsiku lina ndidzagule Porsche yogwirapo kale ntchito. Tsopano ndaona 911 Carrera ya 2001 imene mtengo wake ndi wotsika modabwitsa. Mnzanga akundiseka. Akuti imeneyo si Porsche yeniyeni chifukwa injini yake imazizira ndi madzi, akutinso idzandisaukitsa chaka chisanathe. Kodi mbiri ya kampaniyi ikuti chiyani pa nkhaniyi, nanga kukhala ndi galimoto yotereyi kumakhala bwanji?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo wanena zinthu ziwiri zosalemera mofanana. Zoti galimotoyo si yeniyeni, amenewo ndi macheza a pagulu chabe, ndipo mbiri ya kampaniyi ikumutsutsa. Koma zoti ingakusaukitseni, pamenepo tcherani khutu, ngakhale wakokomeza.

Mawu oti "yeniyeni" akhala akuitsatira kampaniyi kuyambira kale, ndipo amene amawanena nthawi zambiri amatanthauza galimoto imene ankailota ali anyamata. Ferdinand Porsche anabadwa mu 1875 ku Maffersdorf, m'dera la Bohemia, komwe lero kuli m'dziko la Czech Republic. Galimoto imene inamveketsa dzina lake koyamba, Lohner-Porsche, inaonetsedwa ku Paris mu 1900, ndipo inkayendera magetsi, mamota ake ali m'mawilo momwemo. Ndiye wina akadzakuuzani kuti Taycan ya magetsi, imene inatuluka mu 2019, ndi mlendo m'banjamo, mudzangomwetulira. Mu 1931 mkuluyu anatsegula ofesi ku Stuttgart, koma sinali fakitale ayi. Ankajambula mapulani a magalimoto a anthu ena n'kumalandira malipiro. Ntchito yaikulu imene inawagwera inali ya galimoto ya anthu wamba imene boma la Hitler linkafuna, yomwe inadzakhala Volkswagen Beetle. Mbali imeneyi si yokoma, koma tisailumphe: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ofesiyi inajambula akasinja ndi magalimoto a asilikali, ndipo anthu ogwidwa ankagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa. Kumapeto kwa 1945 Afalansa anam'manga Ferdinand. Anatuluka mu 1947 thupi litafooka, ndipo anamwalira mu Januwale 1951.

Amene anasandutsa dzinali kukhala galimoto ndi mwana wake, Ferry. Pothawa mabomba, kampani inali itasamukira ku Gmünd m'dziko la Austria, m'zisakasa za pamalo akale ochekera matabwa, ndipo kumeneko ndi kumene galimoto yoyamba yotchedwa Porsche 356 inalembetsedwa pa 8 Juni 1948. Tsono tamverani. Injini yake, giyabokosi ndi zambiri za kunsi zinali za Beetle, kainjini ka masilinda anayi kamene anakakankha mpaka kufika mphamvu za mahatchi 35 basi. Porsche yoyamba yeniyeniyo inali yobwereka ziwalo. Chimene chinaisiyanitsa n'chakuti inali yopepuka, yotsika, ndipo mphepo sinkapeza poigwira. Magalimoto pafupifupi 50 a ku Gmünd anawasula pamanja, amisiri akumenya aluminiyamu ndi nyundo pachikombole cha matabwa. Mu 1950 anabwerera ku Zuffenhausen, mumzinda wa Stuttgart, komwe 911 imapangidwa mpaka lero, ndipo pofika 1965 anali atapanga ma 356 pafupifupi 76,000.

911 inaonetsedwa ku Frankfurt mu Seputembala 1963 ili ndi dzina loti 901. A Peugeot anadandaula kuti manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo, ndipo a ku Stuttgart anangochotsa ziroyo n'kuikapo 1. Amene anatsogolera kujambula maonekedwe ake anali Ferdinand Alexander, mdzukulu wa mwini dzina. Injini inali yozizira ndi mpweya osati madzi, ya malita 2.0, mahatchi 130, masilinda 6 ogona chopingasa, atatu uku atatu uko. Kodi okonda 356 anaivinira? Ambiri anaona kuti yakwera mtengo kwambiri, moti mu 1965 kampani inatulutsa 912, thupi la 911 koma injini ya masilinda anayi yochokera ku 356, ndipo poyamba imeneyi ndi imene inkagulidwa kuposa 911 mwini wakeyo.

Kwa ine chimene chimaipanga 911 ndi pamene injini yakhala, za mpweya ndi madzi zimabwera pambuyo. Injiniyo ili kumbuyo kwenikweni, kupitirira mawilo akumbuyo, moti pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse a kulemera kwa galimoto amatsamira kumeneko. Mukaponda moto potuluka pakona, matayala akumbuyo amaluma msewu ngati awamata. Mukaponda buleki mwamphamvu, kulemera kumagawanika bwino pamawilo onse anayi. Koma tayesani kuponya nyundo m'mwamba, muona kuti mutu wake ndi umene umafuna kutsogola. Zoyambirira zinali ndi khalidwe limeneli moti mainjiniya anafika pobisa zitsulo zolemera makilogalamu 11 mbali iliyonse ya bampala yakutsogolo, kenako mu 1968 anatalikitsa mpata wa pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 57. 911 Turbo ya 1975, ya mahatchi 260, imene turbo yake inkachedwa kudzuka kenako n'kubwera yonse nthawi imodzi, anthu anaitcha yopanga akazi amasiye.

Ine phunziro limeneli ndinalilandira pabwalo lophunzirira kuyendetsa, msewu atauthira madzi dala. Ndinalowa pakona ndi 911 yakale liwiro litapitirira pang'ono, mtima unangoti myuu, phazi linachoka lokha pamoto. Nthawi yomweyo kumbuyo kunapepuka, ndipo ndisanazindikire n'komwe ndinapezeka ndikuyang'ana kumene ndachokera, injini itazima, mawaipa okha akupitiriza ntchito yawo. Mlangizi amene anakhala pambali panga sanakweze mawu. Anangoloza phazi langa ndi chala. Galimoto sinalakwe kanthu, inachita zimene ndinaiuza. Ya 2001 mukuifunayo ndi yofatsa kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, koma magazi ndi omwewo, ndipo si zonse za chaka chimenecho zili ndi PSM, kompyuta imene imagwira galimoto ikayamba kuterereka. Pa Carrera yokoka ndi mawilo akumbuyo okha, wogula woyamba ankachita kuilipira payokha. Funsani ngati ilimo.

Za mipikisano ndingodutsamo, zingatidyere tsiku. Porsche 917 inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France mu 1970, oyendetsa ali Hans Herrmann ndi Richard Attwood, ndipo pofika 2017 kampaniyi inali itapambana kumeneko ka 19, kuposa ina iliyonse. Dzina loti Carrera lili kumbuyo kwa galimoto mwaionayo linachokera ku mpikisano wa Carrera Panamericana wa ku Mexico, loti Targa, la mtundu wina wa 911, linachokera ku Targa Florio wa ku Sicily. Mukadzakhala pampando mudzaona kuti kiyi imalowa mbali ya chitseko osati ya giya. Nkhani imene imasimbidwa ndi yoti ku Le Mans oyendetsa ankayamba ndi kuthamangira magalimoto awo, ndiye dzanja lina linkaliza injini lina likulowetsa giya.

Chimene mnzanu uja mwina sakudziwa n'chakuti kampani yeniyeniyo inafuna kuisiya 911. M'zaka za m'ma 1970 akuluakulu ake ankaona kuti malamulo a phokoso ndi utsi adzaimaliza injini yozizira ndi mpweya. Mu 1976 anatulutsa 924, mu 1977 anatulutsa 928 ya injini ya V8, zonse injini kutsogolo, zonse zozizira ndi madzi, ndipo 928 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya mu 1978. Madzi analowa m'banjali zaka 25 galimoto yanuyo isanabadwe. Peter Schutz, amene anakhala mkulu wa kampani mu 1981, ankasimba kuti analowa mu ofesi ya mkulu wa mainjiniya, Helmuth Bott, n'kuona tchati pakhoma pomwe mzere wa 911 unkathera panjira. Anatenga cholembera n'kuupitiriza mzerewo mpaka kutuluka papepala kukalowa pakhoma. 928, mlowam'malo uja, inatha mu 1995. 911 yokwanitsa 1,000,000 inatuluka mufakitale mu Meyi 2017.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinthu zinafika pamwana wakana phala. Ogula a ku America anachepa, kupanga galimoto imodzi kunkadya nthawi ndi ndalama zochuluka, ndipo cha mu 1993 ankagulitsa magalimoto pafupifupi 14,000 okha pachaka. Kuti antchito asangokhala, fakitale inkalumikiza magalimoto a ena, Mercedes-Benz 500 E ndi Audi RS2. Wendelin Wiedeking atatenga utsogoleri anaitana akatswiri a ku Japan amene anaphunzira ntchito ku Toyota kuti adzawasonyeze Ajeremani mmene ankawonongera nthawi ndi malo, chinthu chimene sichinali chophweka kuchimeza. Kenako anapanga chisankho chimene chikukukhudzani inuyo: apange magalimoto awiri ogawana zipangizo zambiri, makamaka kuyambira pamphuno kufika pazitseko. Boxster inatuluka mu 1996, ndipo 911 yatsopano, imene odziwa amaitchula ndi nambala yake ya kufakitale yoti 996, inatsatira mu 1997, ndipo ya 2001 mwaionayo ndi ya m'badwo umenewu. Injini inayenera kuzizira ndi madzi chifukwa mavalavu anayi pasilinda iliyonse amasonkhanitsa kutentha kumene mpweya wokha sungakuchotse, komanso malamulo a utsi anali atakhwima. Yomaliza yozizira ndi mpweya, 993, inatha mu 1998.

Choncho imene akuinena kuti si yeniyeniyo ndi imodzi mwa ziwiri zimene zinaitsitsa kampani pachingwe. Mtengo wake ndi wotsika pa zifukwa zitatu. Anapanga zambiri, pafupifupi 175,000. Nyali zake zakutsogolo, zofanana ndi za Boxster, anthu sanazikonde, mpaka anazitcha mazira okazinga, ndipo mapulasitiki a m'kati ndi osalimba ngati a mibadwo ina. Chachitatu ndi mbiri ya injini yake, imene ndiifotokoze posachedwa.

Zotsatira zake ndizifupikitse. Mu 2002 kunabwera Cayenne, chigalimoto chachitali chogawana maziko ndi Volkswagen Touareg, ndipo phokoso la "si yeniyeni" linakwera kuposa kale. Kunena zoona yoyambayo sinali yokongola, koma ukaipa dziwa nyimbo: inagulidwa kwambiri, ndipo mu 2023, pa magalimoto pafupifupi 320,000 amene anaperekedwa kwa ogula, oposa theka anali Cayenne ndi mng'ono wake Macan. Ndalama zopangira ma 911 amene okonda mwambo amawagwadira zimachokera kumeneko. Kuyambira 2005 Porsche inayesa kumeza Volkswagen, inakodwa m'ngongole ya mabiliyoni pafupifupi 10 a ndalama za euro, Wiedeking anachoka mu 2009, ndipo mu 2012 wofuna kumezayo ndi amene anamezedwa. Chosekesa n'chakuti mabanja a Porsche ndi Piëch, zidzukulu za Ferdinand yemwe uja, ndi amene ali ndi mavoti ambiri mu Volkswagen. Mu Seputembala 2022 kampani inalowa pamsika wa masheya ku Frankfurt, masheya ake atagawidwa 911 miliyoni.

Tsopano tibwere pathumba lanu. Galimoto imatsika mtengo ikamakalamba, koma zipangizo zake sizidziwa zimenezo. Klatchi, mabuleki, mashoku ndi maola a makaniko zimalipiridwa molingana ndi galimoto yodula imene inali tsiku lotuluka mufakitale. Walira mvula walira matope. Ndipo pa 996 matope akulu ali ndi dzina, IMS.

M'kati mwa injini imeneyi muli shafiti yotchedwa IMS, imene imalandira mphamvu kuchokera ku crankshaft (shafiti yaikulu imene mapisitoni amaizungulitsa) n'kuipereka ku ma camshaft (otsegula ndi kutseka mavalavu) kudzera m'matcheni. Mbali imene yayang'ana giyabokosi, shafitiyi imazungulira paberingi yotsekedwa, yokhala ndi girisi wakewake m'kati. Zaka zikamapita labala wotsekerayo amauma, oyilo wa injini amalowa n'kutsuka girisi uja, koma osakwanira kuti aidyetse beringiyo bwinobwino. Imayamba kudyeka mwakachetechete. Ikasweka, matcheni amataya nthawi, mavalavu amakumana ndi mapisitoni, ndipo injini yatha pomwepo, nthawi zina popanda chenjezo lililonse. Kukonza injini yotero kungayandikire mtengo umene mwagulira galimoto yonse. Chaka chanucho n'chofunika kwambiri, chifukwa cha mu 2000 ndi 2001 ndi pamene anasintha kuchoka paberingi ya mizere iwiri ya timipira kupita pa ya mzere umodzi, ndipo ya mzere umodziyo ndi imene inavuta kwambiri. Eni magalimoto ku America anakasuma pamodzi, ndipo mu 2013 panakhala mgwirizano wokhudza magalimoto a zaka za 2001 mpaka 2005. Ya 2001 ikhoza kukhala ndi iliyonse mwa ziwirizo, ndipo njira yotsimikizira ndi kutsitsa giyabokosi n'kuona ndi maso.

Musathawe nazo, zambiri mwa injinizi sizinaswekepo. Ndiponso pa galimoto za zaka zimenezi beringiyo imatheka kuchotsedwa osang'amba injini, ndipo pali makampani amene amapanga zolowa m'malo zolimba. Anthu anzeru amaisintha nthawi imodzi ndi klatchi, pamodzi ndi labala wa kumbuyo kwa crankshaft amene amakonda kudontha, popeza zonsezi zili pakhomo limodzi ndipo kutsitsa giyabokosi mumalipira kamodzi. Ngati wogulitsa akuti zinasinthidwa kale, aonetse lisiti lokhala ndi tsiku ndi makilomita. Mawu apakamwa sakonza injini. Dziwaninso kuti 911 Turbo ndi GT3 za m'badwo womwewo zili ndi injini ina, yochokera ku mapulani a injiniya Hans Mezger, ndipo vutoli sizilidziwa. Kuyambira magalimoto a 2009 shafitiyo anaichotseratu.

Kaunikidwe kamene ndimakakhulupirira kwambiri n'kotchipa. Fyuluta ya oyilo ya injini imeneyi ndi pepala lopindapinda lokhala m'kachitini ka pulasitiki. Makaniko aichotse, adule mapeto ake, atambasule pepalalo patebulo loyera ngati akutambasula nsalu, inu muunike ndi tochi m'mapindo onse. Tizidutswa tabulauni ta pulasitiki timachokera pa zotsogolera matcheni, ndipo tochepa si todetsa nkhawa kwenikweni. Koma mukaona tonyezimira ngati mchenga wa siliva, bweretsani maginito. Tikadumphira pamaginitopo, ndi chitsulo chimenecho, ndipo chitsulo cha mtundu umenewo m'fyuluta chimakhala chachokera paberingi kawirikawiri. Pamenepo tsekani boneti, thokozani mwini wake, muzipita.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zina zimabisala m'masilinda. Makoma ake amatha kukalika, makamaka pa injini zikuluzikulu za malita 3.6 ndi 3.8 zimene zinabwera pambuyo, pomwe ya malita 3.4 yanuyo imadziwika ndi kung'aluka kwa silinda kapena mutu wa injini mwa apo ndi apo. Zizindikiro zake ndi kulira kwa tiki tiki injini ikatentha, mwaye wambiri paekizosi ya mbali imodzi, kumwa oyilo, kapena madzi a mu thanki osanduka ngati phala. Makaniko wodziwa amachotsa mapulagi n'kulowetsa kakamera m'silinda iliyonse. Kenako gwadani kutsogolo muunike m'mabowo a bampala. Maradiyeta ali mmenemo, pansi penipeni, ndipo amatola masamba ndi zinyalala zimene zimanyowa n'kuwadya pang'onopang'ono kuchokera m'makona. Eni ake ambiri sanayambe achotsapo bampala kuti atsuke. Thanki ya madzi ya pulasitiki imang'aluka ndi ukalamba, pampu ya madzi imatha, ndipo kachipangizo kolekanitsa oyilo ndi mpweya kakafa galimoto imafuka utsi woyera woopsa kuuona ngakhale kukonza kwake si kwakukulu.

Galimotoyi ilinso ndi mboni imene sinama. Kompyuta ya injini imalemba nthawi iliyonse imene injini yazungulitsidwa kupitirira malire, ndi ola limene zinachitika komaliza. Kugunda malire mukuponda moto si nkhani, kompyuta imadula mafuta yokha. Choopsa ndi pamene woyendetsa wafuna giya 4 n'kulowetsa 2 ali paliwiro, mawilo n'kuikakamiza injini kupitirira pamene kompyuta ingaiteteze. Aliyense wokhala ndi makina oyenera akhoza kukuwerengerani zimenezi m'mphindi zochepa, ndipo maola a injini amene alembedwa mmenemo amathandizanso kuona ngati makilomita a padashibodi ndi oona.

Pa makilomitapo ndikuuzeni maganizo anga, ena atsutse. Ndingasankhe ya makilomita ambiri yokhala ndi chikwama chodzaza malisiti, kusiyana ndi ya makilomita ochepa imene yakhala m'galaja zaka zambiri ikungopukutidwa. Magalimoto amenewa amadwala ndi kukhala. Malabala amauma, batire imafa, oyilo wakale amasunga chinyezi, mabuleki amachita dzimbiri. Imene imatenthedwa bwino, kuyenda ulendo wautali ndi kusinthidwa oyilo chaka chilichonse, malita oposa 8 nthawi imodzi, imakhala ndi moyo wautali. Kampani imanyadira kuti oposa magawo awiri mwa atatu a magalimoto onse amene inapanga akadayendabe, ndipo amene amawayendetsawo ndi anthu a malisiti aja.

Matayala musawapeputse. Akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, simungawasinthanitse, ndipo amatha msanga chifukwa injini yawakhalira. Ovomerezeka ndi kampani amakhala ndi chilembo N pambali. Yang'ananinso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Tayala lokalamba limaoneka lili ndi mano onse koma lauma ngati chikopa, ndipo pa galimoto yolemera kumbuyo chimenecho si chosewera nacho. Matayala anayi a mitundu yosiyanasiyana amakuuzani zambiri za mwini wake kuposa zimene iye angakuuzeni.

Nanga zozizira ndi mpweya zimene mnzanu amazitamazo? N'zokoma zedi, sindikana. Chitseko chimatseka ndi kulira kwa chitsulo chenicheni, ndipo kulira kwa fani ya injini kumbuyo kwanu sikuiwalika. Koma nazonso zili ndi msonkho wake. Zimanyamula oyilo woposa malita 10 m'thanki yapadera, ndipo kuti muone mlingo wake muyenera kuimika pamalo athyathyathya injini itatentha ndipo ikulira. Alendo ambiri amayeza itazima, n'kuona ngati mulibe, n'kuthira mpaka kusefukira. Mavalavu ankachunidwa pamanja mpaka 993 itabwera. Zimadontha oyilo, ndipo kutentha kwa m'kati kumachokera pabokosi lokuta ekizosi, lomwe likaboola ndi dzimbiri utsi umalowa kwa inu. Zopangidwa 1976 isanafike, thupi lisanayambe kukutidwa ndi zinki lonse, dzimbiri limazidya koopsa. Pamwamba pa zonsezi mitengo yake inakwera kwambiri moti eni ake ambiri amaopa kuziyendetsa.

996 mukhoza kuiyendetsa tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pamene imandikoka mtima. Mahatchi 300 pa galimoto ya makilogalamu pafupifupi 1,320, kufika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 5.2, mapeto ake 280. Masiku ano alipo magalimoto apabanja othamanga chimodzimodzi, koma palibe amene chiwongolero chake chimayankhula chonchi. Kutsogolo n'kopepuka, ndiye kamwala kalikonse ndi kusintha kulikonse kwa msewu kumafika m'zikhatho zanu. Ndi yaing'ono, mumaona mbali zonse, wotchi ya kuzungulira kwa injini ili pakati penipeni pa maso anu, ndipo singano ikadutsa 5,000 mawu a injini amasintha kuchoka pa kung'ung'udza kupita pa kukuwa. Buti ili kutsogolo ndipo imalandira chikwama cha ulendo. Mipando yakumbuyo ndi ya ana aang'ono kapena katundu, munthu wamkulu mukamuika kumeneko ubale utha. Mphuno ndi yotsika, pokwera pamalo okwezeka muzilowa chopingasa. Ngati mungasankhe, tengani ya magiya 6 osintha ndi dzanja. Tiptronic, giyabokosi yosintha yokha ya magiya 5, ndi yolimba, koma imaphimba theka la zimene mukulipirira.

Pa ndalama, lamulo langa ndi ili: ngati mtengo wogulira ukumaliza zonse mwasunga, simunafike. Ine ndimalangiza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalamazo likhale pambali kudikira chaka choyamba, chifukwa chaka choyamba mumalipira zonse zimene mwini wakale anazizengereza. Zikapanda kukwana, Boxster ya zaka zomwezo ili ndi injini ya banja lomwelo, yoikidwa pakati, imakhota mokoma kuposa, ndipo imagulidwa motsika, ngakhale kuisamala kumadya pafupifupi mofanana. Musaigule poyembekeza kudzapindula poigulitsa. Ndipo musanapereke kalikonse, pezani kaye makaniko amene anazigwirapo injini zimenezi, mufunsenso a inshuwalansi mtengo wake.

Mukamapita kukaiona, muuzeni mwini wake asailize inu musanafike. Ikani dzanja pachivundikiro cha injini kumbuyo mutsimikize kuti ndi yozizira, imani pafupi ndi ekizosi iye akamaliza, mumvetsere masekondi oyambirirawo ndi kuona utsi. Suzumirani pansi pamene injini yalumikizana ndi giyabokosi ngati panyowa oyilo. Kwezani makapeti mugwire ngati pali chinyezi. Kenako pemphani kuti ipite kwa makaniko amene mwasankha inu, mulipire nokha, afufuze fyuluta, masilinda ndi kompyuta. Mwini wake akayamba zifukwa, kapena akati pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyireni ameneyo. Mwa 175,000 zija ina ipezeka, ndipo ikadzapezeka mumutengere mnzanu uja kumsewu wokhotakhota, mumupatse kiyi kwa mphindi 20.